Mkamwini Amene Anakaona Makoma

Ku Milonde mukafunsa za Che Shabani, anthu amayamba amwetulira kaye asanakulozereni njira. Si kunyoza ayi. Kungoti aliyense ali ndi kankhani kake ka bamboyu, ndipo tinkhani tonseto timakathera pa khomo. Che Shabani ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo dzanja lawo palibe amalikayikira. Khoma lomanga iwo, chiperoni chingalikwapule sabata yonse, limangoti nji! Vuto lawo linali limodzi lokha: mukawasiya okha pa ntchito, pobwera mumapeza khomo la nyumba yanu lapindika pamwamba ngati uta. Mayi wina wa kuseri kwa msika anawapatsa ganyu ya khola, ndipo mpaka lero mbuzi zake zimalowa kokagona mwaulemu ngati zikulowa mumzikiti.

Matendawa anawatenga akadali mnyamata. Tsiku lina pa msika wa ku Muloza mvula inawatsekera pa khonde la sitolo, ndipo anapezeka atakhala moyandikana ndi mkulu wina wogulitsa mchere, wochokera kugombe kwa Mozambiki. Mkuluyo, pongofuna kutaya nthawi, anawauza za chilumba cha kwawo: tauni yonse ya miyala yomangidwa makedzana, tinjira topanikiza, zitseko zogoba, ndi mzikiti wobiriwira umene nyanja yamchere imabwera kudzausambitsa mapazi. Mvula inakata, mkuluyo anasenza thumba lake n'kumapita, osadziwa kuti wasiya mwana wa eni atamulodza. Kuchokera tsikulo Che Shabani ankayala njerwa za ku Milonde koma maso ali kwina. Nthawi zina ankangoima pamwamba pa khoma, matope akuuma pa mpeni womangira, akuyang'ana mitambo ya pa phiri, mpaka mwini nyumba kukuwa kuti, "Che Shabani, tsikaniko kumwambako, dzuwa likupita!"

Kwawo kwenikweni ndi ku Thuchila. Ku Milonde anabwera kudzakwatira, poti kuno mwamuna ndiye amatsatira mkazi, n'kumanga pa malo a kuchikazi, n'kumalima munda wa kuchikazi. Mkaziyo anali mtsikana wa Chilomwe wothyola tiyi, wa m'banja la Chikhristu, amene analowa Chisilamu n'kutenga dzina loti Abida. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa. Akasangalala ankayankhula Chichewa, akakwiya Chilomwe, ndipo poti kukhala ndi munthu wolota masana kumafuna mtima, Che Shabani Chilomwe anachiphunzira bwino kwabasi. Nyumba yawo anamanga okha, ya njerwa zootcha, ya khonde lotakasuka, yoyang'ana phiri. Mwana anabereka mmodzi, wamwamuna, Fahadi, amene atakula anatsetserekera ku Joni monga amachitira anyamata a masiku ano.

Chaka chilichonse chimanga chikalowa m'matumba, nkhani ya chilumba inkadzuka.

"Make Fahadi, chaka chino tipite."

"Tikaone chiyani?"

"Makoma."

"Makoma! Kuno kulibe makoma? Tapitani kuseriko mukaone la bafa lija, likufuna kutigwera."

Koma pakapita kanthawi, akusenda chinangwa, mayiwo ankafunsa okha mosayang'ana munthu. "Ndiye mwati madziwo amafika mpaka pa masitepe?" Che Shabani ankafotokozanso, akuwonjezera pang'ono chaka ndi chaka, mpaka mzikitiwo unakula kuposa momwe wogulitsa mchere uja anausiyira. Ulendo wake wokha ndiwo sunkatheka. Pena feteleza, pena fizi, pena maliro.

Kenako maliro anadzalowa m'nyumba mwawo momwe. Abida anadwala chimanga chikumasula, anagonekedwa ku chipatala cha ku Mishoni, ndipo sanadye nawo mondokwa. Che Shabani analira mosabisa, ngakhale amuna anzawo ankawagwira pa phewa kuti alimbe. Sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, itadutsa, abale atabalalika, anayamba kumva kuti pamwamba pa chisonicho pakubwera china.

Kunotu mkazi akamwalira, mkamwini amakhala ngati ganyu yake yatha. Akuchikazi amakhala pansi, amamuthokoza bwinobwino, n'kumumasula kuti azibwerera kwawo. Kumeneko ndiko kusudzula. Nyumba imatsala, munda umatsala, mitengo ya mapeyala imene anabzala ndi manja ake imatsala. Woti agamule zimenezi anali mwini mbumba, a Hudson, mchimwene wake wa malemuyo, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi. Anali munthu woumira mawu ngati amachita kugula. Iwo ndi Che Shabani anakalambira limodzi pa bawo, koma chifereni Abida, akakumana pa njira a Hudson ankangoti, "Alamu, nkhani ija tikambirana. Dikirani kaye," n'kumapitirira.

Mawu akuti dikirani kaye amawondetsa munthu kuposa malungo. Che Shabani ankaopa, ndipo ankadziwa chimene ankaopa. Ku Thuchila alongo awo onse anatsogola. Kunatsala adzukulu amene ankangowamva dzina. Ulendo womaliza atapitako, kamtsikana kena kanawafunsa pa bwalo pomwe anabadwira kuti, "Mukufuna ndani, agogo?" Zaka zoposa makumi atatu anathera ku Milonde, mawondo anathera ku Milonde, mkazi wawo anagona ku Milonde. Akawauza kuti nyamukani, akanalowera kuti?

Mmawa wina akuswali, maganizo anawafikira phee. Fahadi anali atawakonzera pasipoti kalekale kuti adzamuyendere ku Joni, ndipo anali atatumizanso kangachepe ka chipepeso. Anaganiza kuti akadzasudzulidwa adzakhala munthu wongoyendayenda, ndipo woyendayenda saona kukongola kwa chinthu. Kuli bwino apite tsopano, akadali ndi khomo lobwererako.

Anakonzeka monga momwe munthu wadongosolo amakonzekera. Nyumba anasesa ngodya zonse. Bulangete anapinda, poti anamva kuti pa njira pamazizira. Mpeni womangira, levulo ndi chingwe anaika m'thumba, poti chiyambire umisiri sanagonepo kutali nazo. Nkhuku anazimanga miyendo kuti zikasungidwe kwa alamu awo. Kenako anakhoma chitseko n'kupita kukatsanzika.

"Alamu, ndati nditsanzike. Ndikupita ku Mozambiki."

A Hudson anaika pansi kapu ya tiyi. "Kwagwa zovuta?"

"Ayi."

"Mwapezako ntchito?"

"Ayi, alamu. Ndikukaona mizikiti ndi nyumba zakale."

A Hudson anayang'ana bulangete. Anayang'ana thumba la zida, nkhuku zili phuphaphupha pansi, ndi kiyi amene ankapatsidwa ndi manja awiri.

"Kukaona," anatero.

"Eya."

"Mukaona n'kutani?"

"N'kubwerako."

"Chabwino, alamu. Tamva. Muyende bwino."

Sanadzuke n'komwe kuti awaperekeze pa msewu. Wina aliyense akanadabwa nazo, koma Che Shabani mutu unali utawoloka kale boda. Anaiwala kuti kwathu kuno munthu sayendera maso. Timayenda ulendo wa maliro, wa ukwati, wa chipatala, wa geni, wa ntchito. Mkamwini wamasiye akasesa nyumba, kunyamula bulangete ndi zida zake, n'kupereka kiyi kwa mwini mbumba, palibe amafunsa tanthauzo lake, kaya pakamwa pake patuluke nkhani yokoma bwanji.

Anawoloka pa Muloza, foni yawo n'kufera pomwepo. Ku Milanje anakwera chapa, timabasi ta kumeneko timene timadzaza mpaka munthu kuiwala kuti mwendo wake ndi uti. Phiri la Mulanje linawatsatira kumbuyo kwa nthawi yaitali, likuchepa, likusanduka lotuwa, mpaka pamene anatembenukanso n'kupeza kulibe. Anadutsa Mokuba, anagona ku Nampula, akudya pawu, buledi wa kumeneko, ndi nthochi. Kenako mitengo inayamba kusintha. Migwalangwa ndi mitengo ya kokonati inachuluka, mphepo inayamba kunuka mchere, ndipo galimoto inakwera pa mlatho wautali, wopapatiza, woti galimoto ziwiri sizingaphambane popanda ina kupatuka. Uku madzi, uku madzi. Kutsogolo, chinthu choyera chinali tayale pamwamba pa nyanja, chikunjenjemera ndi dzuwa ngati sichinatsimikize kuti chikhalepo kapena chizimiririke. Che Shabani anagwira mpando wa kutsogolo mwamphamvu. "Make Fahadi," ananong'ona, "tafikatu."

Choyamba chimene anaona si miyala ayi. Kumayambiriro kwa chilumbacho kuli nyumba za anthu wamba, zofolera ndi masamba a kokonati, zothinana, ndipo zili m'munsi mwa msewu, moti woyenda pa msewu amayang'anizana ndi madenga. Mmisiri sanachite kufunsa. Anazindikira kuti umo ndi m'nkhuti, momwe munakumbidwa miyala yomangira tauni ya kumtunda, ndipo zidzukulu za okumbawo zikukhala m'dzenje lomwelo. Zinawakhudza, koma miyendo inawakokera kutsogolo.

Tauni ya miyala anaipeza ikuwodzera. Makoma aatali, achikasu, ofiirira, ena oyera mbee, ena osupuka ngati khungu la nkhalamba. Zitseko zolemera zogoba maluwa, zokhomedwa misomali ikuluikulu. Mazenera a matabwa otsekedwa masana. Nyumba zina madenga anagwa kalekale, ndipo mitengo ya kachere inamera pamwamba, mizu yake itakumbatira khoma kuchokera kumutu mpaka pansi, moti sungadziwe ngati mtengo ukugwetsa nyumba kapena ukuigwiriziza. Amayi odzola zoyera kumaso ankadutsa mwakachetechete, mabeseni a nsomba ali pamutu. Che Shabani ankayenda dzanja limodzi likukhula khoma. Pamene pulasitala anagamphuka ankaima, n'kumapisa chala m'miyala ya m'nyanja yobookabooka ngati chisa cha njuchi, yomatidwa ndi njereza. Simenti panalibe ngakhale supuni imodzi. Ndipo makomo opindika aja, amene kwawo ankawaseka nawo, kuno anali paliponse, lina kuseri kwa linzake, ndipo panalibe ankawacheukira.

Mzikiti anaupeza mosaufuna. Anangokhota pa ngodya ina pafupi ndi ogulitsa nsomba, n'kuuona uli poteropo, wobiriwira, kansanja kake katasongoka, ngalawa za matanga zitagona chammbali pa mchenga. Tinene zoona, unali waung'ono kuposa umene iwo ndi Abida anamanga ndi pakamwa pa khonde la ku Milonde. Nyanja nayo kunalibe. Inali itathawira kutali, itasiya matope ndi ana otola nkhono. Che Shabani mtima unagwa. Anakhala pa mwala akudzifunsa ngati wogulitsa mchere uja sanali wabodza chabe.

Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye anaona madzi akubwerera. Sanabwere ndi phokoso. Ankangokwawa pang'onopang'ono, kudzaza timaenje, kudzutsa ngalawa imodziimodzi, kuthamangitsa ana, mpaka anafika m'munsi mwa khoma n'kuyamba kulinyambita, ubiriwiri wa mzikiti ukugwedezeka m'madzimo. Nthawi yomweyo azana yoitanira anthu kukaswali inamveka pa kansanja kaja. Che Shabani anavula nsapato, anasamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi, n'kulowa. Mkati munali mozizirira, kuwala kukulowa mwaulemu, phokoso la nyanja likumveka kuseri kwa khoma ngati munthu wopuma ali mtulo. Anaima pa mzere pakati pa asodzi onunkha nsomba, phewa ndi phewa, ndipo pogwetsa mphumi pansi misozi inadontha pa mkeka. Anali wosangalala kwambiri, ndipo zinawawawa kuti chisangalalocho akuchidya okha.

Masiku otsatira anayenda chilumba chonse, uku ndi uku, poti n'chachifupi. Anakaona timizikiti tating'ono tobisala pakati pa nyumba. Anakaona linga la Apwitikizi kunsonga, makoma ake okhuthala moti ngolo ikhoza kuyenda pamwamba, ndi ngalande zotengera madzi a mvula kuchokera pa madenga kupita m'chitsime cha pansi. Anakaona manda akale a Asilamu, miyala yake itapendama, zolemba zitafufutika ndi mphepo. Chipwitikizi sankachidziwa, koma anadabwa kuti Chimakuwa cha kumeneko n'chapachibale ndi Chilomwe. Tsoka lake, Chilomwe chawo chinali chophunzira pokalipiridwa, choncho akafuna kufunsa njira mwaulemu, amayi a pa msika ankagwa nako kuseka, n'kuwawonjezera nsomba ina ya ulere.

Tsiku lina anaima pa nyumba ina imene inkakonzedwa. Mkulu wina wa ndevu zoyera, dzina lake Amisi, ankamata khoma ndi njereza yosakaniza ndi mchenga. Che Shabani anayang'ana, nayang'ana, manja akuyabwa, mpaka anamasula thumba n'kutulutsa mpeni wawo. Amisi anangosuntha pang'ono n'kuwakankhira beseni. Njereza si simenti. Siifuna phuma. Umamata pang'ono, n'kuisiya ipume, n'kuiwaza madzi, mawa n'kubweranso. Kwa nthawi yoyamba m'moyo mwawo Che Shabani anapeza ntchito yoyenda liwiro lawo, ndipo panalibe wowakuwira kuti dzuwa likupita. Amisi anawapatsa pogona pa khonde la mkati mwa mpanda wake. Sabata inadutsa, ina n'kudutsa. Mwezi unaoneka, unakhwima, unafa, winanso n'kuoneka. Nkhani ya kusudzula inkabwera m'maganizo mwa apo ndi apo, koma inkamveka patali, ngati wailesi ya kwa aneba.

"Khalani konkuno," anatero Amisi tsiku lina akudya mpunga wa kokonati. "Makoma a kuno satha. Ukamaliza kutsogolo, kumbuyo kwayamba kale kusupuka. Kuno palibe adzakufunseni kuti malo ano ndi a ndani."

Che Shabani anaganizira mawuwo mofatsa, ndipo anawakomera. Koma mmawa mwake, atatuluka mumzikiti, anadzipeza akuchita zimene ankachita mmawa uliwonse osazindikira: kukweza maso kufuna phiri, kuti aone ngati lavala mitambo. Kunali madzi okhaokha mpaka kumapeto kwa dziko. Ndipo m'kamwa mwawo munali mutadzaza nkhani. Za nyanja yopita kokayenda n'kubwerera, za kachere wokumbatira nyumba, za njereza yopuma. Sakanamuuza Amisi, poti iye anabadwira momwemo. Nkhanizo zinkafuna munthu woti azigwedeza mutu n'kumati ndi bodza, ndipo munthu woteroyo anatsala mmodzi yekha pa dziko lapansi, wa pa bawo uja. Anatsuka mpeni wawo, anapinda bulangete, anakumbatirana ndi Amisi, n'kukwera chapa.

Anatsika pa Milonde masana, nthawi yokolola itadutsa, minda ili mbuu. Pa msika anthu ankawapatsa moni modabwa, ena kuyamba kuyankhula n'kusiyira panjira. Iwo ankangoti n'chifukwa cha kuda ndi dzuwa la kunyanja. Anakhota pa mtengo wa mapeyala n'kuona nyumba yawo. Pa zenera panali katani yachilendo. Pa chingwe panali matewera. Utsi unkatuluka m'khitchini mwa Abida.

Anaima pa bwalo, thumba lili pa phewa, osadziwa ngati munthu amaodira pa nyumba yake yomwe. Potsiriza anati, "Odi."

Anatuluka Rosie, mdzukulu wa a Hudson, mwana wa mchemwali wawo wina, khanda lofiira lili m'manja. Atawaona anangoti kakasi. Kenako ulemu unamugwira. Anathamangira m'nyumba, anatulutsa mpando, mpando womwe Che Shabani anakhoma okha, n'kuuika pa mthunzi. Anabwera ndi madzi m'kapu, anagwada, n'kunena motsitsa mawu, "Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

Che Shabani analandira kapuyo ndi manja awiri monga amachitira mlendo. Anangoigwira, osamwa.

A Hudson anafika akupuma mwamphamvu, wina atawathamangira kukawauza. Anaima patali pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Mwabwera."

"Ndinanena kuti ndibwera, alamu."

"Munanena!" Mawu amene bamboyu ankaumira zaka zonse anatuluka tsiku limenelo. "Munanena chiyani? Munthu kusesa nyumba, kutenga bulangete, kutenga zida, kundipatsa kiyi m'manja, ndiye muziti ndikukaona makoma? Ine ndine mwana? Ndinaimbira Fahadi, nayenso akuti bambo akukaona makoma. Ndinati onsewa apangana kuti andinamize mwaulemu. Ndinati munthuyu watopa nafe, wadzisudzula yekha, sanafune n'komwe kumva mawu athu. Mudzi wonse unatero. Ine sindinadye bwino masabata angapo, alamu. Mumandiyesa mwala?"

"Ndinkaopa," anatero Che Shabani. "Inu kumangoti dikirani kaye, dikirani kaye. Ndinkati mukusowa poyambira kundithamangitsa."

"Kukuthamangitsani!" A Hudson anakhala pansi pa khonde mwadzidzidzi. Anapukuta kumaso ndi chipewa chija. Atayambanso kuyankhula, mawu anali atatsika. "Nyumbayi ndinaipereka pamaso pa mbumba yonse. Ndinaipereka ndi mkwiyo, koma ndinaipereka. Mwanayu wabadwira momwemu, mchombo wake wagwera momwemu. Sindingawatulutse. Nyumba yapita, alamu."

Che Shabani anayang'ana khoma lawo, mzere uliwonse wa njerwa umene ankaudziwa ngati zala zawo. Anagwedeza mutu kuvomera.

"Koma mukudziwa chimene ndinkati dikirani kaye?" a Hudson anapitiriza. "Mkamwini akafa amanyamulidwa kukaikidwa kwawo, mukudziwa inu. Ine ndinakana. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa azichemwali anga, kwa eni manda, kwa ashehe anu, kupempha kuti inu musadzakwere galimoto ya ku Thuchila, wamoyo kapena wakufa. Ena ankavuta, poti sizinachitikepo pa mtundu pathu. Ndimafuna ndidzakuuzeni zonse zitapsa. Anavomera, alamu. Anavomera inu mutangochoka kumene. Malo anu alipo, pambali pa mlongo wanga. Ndinakazikapo chikhomo ndekha, ndipo ngakhale ndinakwiya, sindinakachizule."

Khanda linalira pang'ono, Rosie n'kuliika ku bere. Che Shabani anayesa kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka kwenikweni. Munthu amene anamanga nyumba za theka la Milonde anali atakhala pa mpando wa alendo, wopanda denga, koma chibadwire sanamvepo kuti ali kwawo ngati masana amenewo. Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo.

"Ndiye poyembekezera malo mwandipezerawo," anafunsa, "ndizigona kuti?"

A Hudson anadzuka, anavala chipewa, n'kutola thumba la zida lija ngati lawo.

"Kwanga. Kuli chipinda chongosungiramo makasu. Tiyeni, mukandiuze bwinobwino kuti khoma lake ndi lotani limene munthu wamkulu angatayire nyumba."

Che Shabani anamwa madzi aja mpaka kutha, anabweza kapu kwa mwini nyumba, n'kunyamula bulangete lawo.